Kuwedza pakati pa nyanja ndi kusaka nkhumba zam'tchire ku Florida: mafunso ndi mayankho

Ku Florida, chigawo cha dziko la America, kuli eni maboti ndi alenje amene amagulitsa zinthu ziwiri pamtengo umodzi: tsiku lowedza nsomba zikuluzikulu pakati pa nyanja yamchere, ndi tsiku lina losaka nkhumba zam'tchire m'mafamu a ng'ombe. Mafunso ali m'munsiwa ndi a ulendo wotere, makamaka wa kugombe la kum'mawa, cha ku Fort Pierce, Stuart ndi Palm Beach, ndi m'madambo ozungulira nyanja ya Okeechobee.

N'chifukwa chiyani anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana chonchi?

Malo ake ndi oyandikana, basi. Kum'mwera chakum'mawa kwa Florida, madzi ofunda a Gulf Stream, omwe amayenda mkati mwa nyanja ya Atlantic kulowera kumpoto, amadutsa pafupi kwambiri ndi mtunda. Boti likanyamuka padoko la ku Palm Beach silichedwa kufika pamadzi akuya, obiriwira bii, pomwe pamayenda nsomba zazikulu. Tauni ya Stuart imadzitcha likulu la nsomba ya sailfish padziko lonse. Kuchoka pamenepo kulowera kumadzulo, ola limodzi pagalimoto, mwafika ku Okeechobee, dera la ng'ombe, zithaphwi ndi tchire la migwalangwa yaifupi, komwe nkhumba zimachita kusefukira.

Kugombe la kumadzulo, la Gulf of Mexico, zinthu n'zosiyana. Pansi pa nyanja pamatsetsereka pang'onopang'ono, moti wonyamukira ku Tampa kapena ku Fort Myers amatha maola akuthamangitsa boti asanafike pakuya. Mafuta amapsa ambiri, mtengo nawo umakwera. Ku Destin, kumpoto chakumadzulo, ndiko madzi akuya amayandikirako.

Kodi nkhumba zake ndi nguluwe kapena njiri zathu zija?

Ayi. Nguluwe ndi njiri ndi nyama za mu Africa zokhala ndi mtundu wawowawo. Za ku Florida ndi nkhumba zoweta zomwe zinathawa m'makola n'kuzolowera tchire. America kunalibe nkhumba Azungu asanafike; zoyamba za ku Florida akuti zinabwera ndi Asipanishi, ndipo dzina lotchulidwa kawirikawiri ndi la Hernando de Soto, amene anakocheza kugombe la kumadzulo mu 1539 ali ndi gulu la nkhumba zoti asilikali ake azidya m'njira. Kwa zaka mazana otsatira alimi ankangozisiya kuti zizidzifunira chakudya m'tchire. Pambuyo pake anthu okonda uzimba anaitanitsa nkhumba zakutchire za ku Ulaya, monga zimene zinafika ku Hooper Bald ku North Carolina mu 1912, ndipo magazi anasakanikirana. N'chifukwa chake m'gulu limodzi mumaona yakuda, yofiirira ndi yamawangamawanga.

Zilipo zochuluka bwanji?

Zili m'maboma onse 67 a Florida, ndipo akatswiri amaziyerekeza kuti zimaposa 500,000. Ku Texas ndiye kuli zambiri kuposa kwina kulikonse. Dziko lonse la America lili ndi pafupifupi 6 miliyoni m'zigawo zosachepera 35. Zimafukula minda ndi msipu usiku umodzi wokha, zimaipitsa madzi, zimadya ana a nyama zina, ndipo m'magombe ena zimafukula mazira a akamba a m'nyanja. Mu 2014 unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, unakhazikitsa ndondomeko yapadera yolimbana nazo.

Ndiyambe ndi nyanja kapena ndi tchire?

Yambani ndi nyanja, ndipo musiye tsiku limodzi lopanda chochita chakumapeto. Uwu ndiye uphungu wofunika kuposa onse patsamba lino.

Nkhumba sizipita kwina. Zilipo mu Januwale, zilipo mu Julayi, kaya kunja kuli mphepo kaya kuli bata. Nyanja ndiyo imalamula. Mphepo ikawomba kuchokera kumpoto imakumana maso ndi maso ndi madzi a Gulf Stream omwe akupita kumpoto komweko, ndipo mafunde amaima chilili, aatali ndi otsatizana pafupipafupi. Amene anakhalapo m'bwato pa nyanja ya Malawi mwera utavuta akudziwa mmene madzi amasinthira nkhope m'kanthawi kochepa. Tsiku lotero kaputeni wanzeru sachoka padoko, ngakhale mutamuchonderera bwanji. Ngati kuwedza munakuika poyamba, mumangosinthanitsa: lero kutchire, mawa kunyanja. Ngati munakuika komaliza, ndege yanu ikunyamuka m'mawa wake, mubwerera ndi theka la ulendo.

Chopweteka n'chakuti mphepo yozizira ya kumpoto yomweyo ndiyo imadzutsa sailfish. Masiku amene nsombazi zimadya bwino nthawi zambiri ndi amene alendo amagwiririra zitsulo za boti nkhope zili zotuwa.

Chifukwa chokhacho choyambira ndi nkhumba n'chakuti mukufuna kuti kubutchala akupangireni masoseji musananyamuke, pakuti ntchitoyo imatenga masiku. Ena amagulitsanso zonse ziwiri tsiku limodzi: kunyanja mbandakucha, kutchire dzuwa likamalowa. N'zotheka, koma munthu amene wakhala maola anayi padzuwa akugwedezeka ndi mafunde si munthu woti agwire mfuti madzulo ake.

Miyezi yabwino ndi iti?

Kuyambira Disembala mpaka Epulo. Kunja kumazizirirako, udzudzu umachepa, nyama siwonongeka msanga, ndipo sailfish zimakhala zitayandikira. Nsomba ya mahi-mahi imachuluka kuyambira cha mu Epulo kulowa m'miyezi yotentha. Juni mpaka Sepitembala nyanja m'mawa imakonda kukhala bata, koma masana kumagwa mvula yamphezi, ndipo nkhumba zimabisala m'matope n'kumatuluka usiku, popeza thupi lawo silidziziziritsa ndi thukuta. Nyengo ya mphepo zamkuntho imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala.

Pamafunika ziphaso zanji?

Za kunyanja n'zosavuta. Mukakwera boti la hayala lovomerezeka, laisensi ya botilo imakukutani nonse, simugula yanuyanu. Kaputeni ayenera kukhala ndi chiphaso cha US Coast Guard, nthambi ya boma yoyang'anira za panyanja, ndipo maboti ambiri ang'onoang'ono amaloledwa kunyamula alendo osaposa 6. Mukakhala 7, funsani musanalipire kalikonse.

Za kutchire zimaoneka zosavutanso. Bungwe loona za nyama ndi nsomba ku Florida, la FWC, limalola kusaka nkhumba pamalo a munthu chaka chonse, popanda laisensi ya ulenje ndiponso popanda malire a chiwerengero, bola mwini malo wavomera. M'malo a boma muli nyengo zake ndi chilolezo chake. Kunyamula nkhumba yamoyo kuchoka nayo pamalo pomwe yagwidwa kumafuna chilolezo cha unduna wa zaulimi wa Florida.

Koma pali msampha umene ambiri a ife tingagweremo. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa mlendo amene analowa ndi viza yakanthawi, kaya ya kucheza, ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, ngakhale zobwereka. Njira yodziwika yomasukira ku lamuloli ndiyo kukhala ndi laisensi ya ulenje yogwira ntchito, yoperekedwa ndi chigawo china cha America. Choncho mlenje akakuuzani kuti nkhumba sizifuna laisensi, akunena zoona za lamulo la Florida, koma mwina sanaganizeko za pasipoti yanu. Gulani laisensiyo. Ku Florida, wobadwa pa 1 Juni 1975 kapena pambuyo pake amayenera kuyamba wachita maphunziro a kasakidwe kosamala, apo ayi apemphe kuti azisaka moyang'aniridwa ndi wamkulu woyenerera. Amene ali ndi green card, chiphaso chokhalira mu America mokhazikika, chiletsochi sichimukhudza. Amene akusaka ndi uta alibe nkhani ndi lamulo la mfuti.

Ndikagwira nsomba zanji, ndipo zonse ndingapite nazo?

Kawedzedwe kalipo kawiri. Koyamba n'kokoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda pang'onopang'ono, kufuna nsomba za pamwamba: mahi-mahi, wahoo, king mackerel, blackfin tuna ndi sailfish. Kaputeni amayang'ana mizere ya udzu wa m'nyanja woyandama, wotchedwa sargassum, ndi mbalame zozungulira pamalo amodzi, pakuti pansi pake pamakhala tinsomba, ndipo pomwe pali tinsomba pali zazikulu. Kum'mwera kwa Florida amagwiritsanso ntchito kaiti: amaiulutsa kumbali kwa boti kuti inyamule chingwe, nyambo yamoyo izingophiriphitha pamwamba penipeni pa madzi. Kachiwiri n'koimitsa boti pamwamba pa miyala kapena pa sitima yomira n'kutsitsa mbedza pansi, kufuna snapper, grouper ndi amberjack.

Apa ndi pomwe magawo awiri a ulendowu amasiyanirana kotheratu. Kutchire mwini famu amasangalala mukapha zambiri. Kunyanja nsomba iliyonse imayezedwa ndi kuwerengedwa. Mahi-mahi ya kumbali ya Atlantic ikachepera mainchesi 20 imabwezedwa. Mitundu yambiri ya grouper kumbali yomweyo siitengedwa kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 30 Epulo, yomwe ndi nyengo yoswana, ndipo mwaona kuti ndi miyezi yomwe tayamikira ija. Red snapper ya ku Atlantic, m'madzi akutali olamulidwa ndi boma lalikulu la America, inatsegulidwa tsiku limodzi lokha mu 2024. Goliath grouper, chinsomba cholemera kuposa munthu, inatetezedwa kuyambira 1990, ndipo ngakhale Florida inatsegulako pang'ono mu 2023, zilolezo zake n'zowerengeka, zopezeka mwa maere. Sailfish yosafika mainchesi 63 siloledwa, ndipo ngakhale yokwana, pafupifupi aliyense amaimasula. M'madzi a boma lalikulu, yoti mumasule simuitulutsa m'madzi ngakhale kuti mujambulitse.

Madzi a Florida amathera pa mamailosi a panyanja 3 kumbali ya Atlantic ndi 9 kumbali ya Gulf. Kupitirira apo ndi malamulo a boma lalikulu, ndipo amasintha chaka ndi chaka. Kaputeni ndiye amawatsata. Akanena kuti ibwerere, ibwerere. Nsomba zogwidwa paulendo wosangalala sizigulitsidwa.

N'chifukwa chiyani nsomba ya pansi imatuluka maso ali tong'o, chifu chili pakamwa?

Mpweya wa m'kathumba kake koyandamira umafufuma pamene ikukokedwa mofulumira kuchoka pakuya. Mukaiponya m'madzi ili choncho imangoyandama mpaka kufa. Mu Januwale 2022 maboti owedza nsomba za m'miyala m'madzi a boma lalikulu a Gulf analamulidwa kukhala ndi chida chotsitsira nsomba pansi kapena chobowolera mpweyawo, ndipo kumbali ya Atlantic chotsitsiracho chinayamba kale kufunika.

Ndimachita nseru ngakhale m'basi. Ndipirira?

Mwina. Mankhwala a meclizine kapena dimenhydrinate amagulidwa popanda kalata ya dokotala, koma amagwira ntchito mukamwa musanakwere. Mukayamba kusanza mwachedwa. Amagonetsa, chimene chili chifukwa chinanso chosapitira kukasaka madzulo omwewo. Kachigamba komata kuseri kwa khutu ka scopolamine kamafuna dokotala. Mowa usiku wake ayi. Idyani pang'ono m'mawa, khalani panja pomwe pali mphepo, maso akhale kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, osati pafoni. Ngati simunakwerepo, lipirani theka la tsiku, maola anayi. Pa boti la anthu ambiri palibe amene adzabwerere kudoko chifukwa cha inu.

Kusaka kwake kumachitika bwanji?

Njira yofatsa ndiyo kukhala pansanja kapena m'kachisakasa pafupi ndi chomwazira chimanga, m'mawa kwambiri kapena madzulo, n'kudikira. Nkhumba siona bwino, koma mphuno yake ndi yoopsa. Mphepo ikangochokera kwa inu kupita kwa iyo, mungomva tchire likuthyoka. Njira ina ndiyo kuyenda pa chigalimoto chachitali cha matayala aakulu, chomwe kumeneko amachitcha swamp buggy, n'kumayang'ana pamwamba pa tchire, kenaka kutsika n'kunyang'ama wapansi. Ena amasaka usiku ndi magalasi oona kutentha kwa thupi.

Ndiye pali ya agalu, yomwe ili yaphokoso ndi yamagazi. Agalu onunkhiza, a mitundu monga Black Mouth Cur ndi Catahoula, amalondola nkhumba n'kuizinga akuuwa. Kenaka amamasula galu wogwira, kawirikawiri wa mtundu wa bulldog, atavala chovala cholimba choteteza khosi ndi chifuwa ku mano a nkhumba. Iye amailuma khutu n'kukakamira, mlenje amaigwira miyendo yakumbuyo, ndipo mlendo amaibaya ndi mpeni kapena mkondo. Si aliyense angakonde kuona zimenezi, ndipo mabungwe oona za ufulu wa nyama amadana nazo. Funsiranitu njira imene adzagwiritse ntchito musanatenge ana kapena munthu wa mtima wofewa.

Woombera ndi mfuti adziwe kuti mtima ndi mapapo a nkhumba zili chakutsogolo ndi chakumunsi, zobisika ndi phewa. Yaimuna yokalamba ili ndi chikopa chokhuthala kwambiri pamapewapo, chodzitetezera pomenyana ndi zinzake. Mfuti za .243, .308 ndi .30-06 n'zofala pantchitoyi, ndipo alenje ambiri amabwereketsa.

Kodi n'zoopsa?

Nkhumba yosavulala imathawa. Yovulala, yopanikizidwa kapena ya ana ndiyo imabwerera munthu, ndipo mano ake a m'munsi amang'amba miyendo. Imfa n'zosowa, komabe zimachitika: mu 2019 mayi wina anaphedwa ndi nkhumba pabwalo la nyumba ku Texas. Zimene zimavutitsa alendo tsiku ndi tsiku n'zina: kutentha, nkhupakupa, nyerere zoluma, njoka za cottonmouth ndi rattlesnake, ng'ona za m'ngalande, ndi mnzanu amene sanagwirepo mfuti akutembenuka nayo uku ndi uku.

Alenje amati tikuthandiza alimi pochepetsa nkhumba. N'zoona?

Pang'ono chabe. Nkhumba yaikazi imatha kutenga bere isanakwane chaka, bere lake ndi la masiku pafupifupi 114, imaswa ana anayi mpaka asanu ndi mmodzi kapena kuposa, ndipo chakudya chikakhala chokwanira imatha kuswa kawiri pachaka. Ofufuza a ku Texas anawerengera kuti pamafunika kupha pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse chaka ndi chaka kuti chiwerengero chingoima pomwe chili. Mlendo woombera imodzi n'kubalalitsa zina khumi sanachepetse kanthu, wangoziphunzitsa kuchenjera. Chimene chimathandizadi ndi misampha ikuluikulu ya mpanda yogwira gulu lonse nthawi imodzi.

Tinenenso poyera: famu yomwe imapeza ndalama kwa alendo osaka ilibe chifukwa chofunira kuti nkhumba zithe. Imazidyetsa chimanga, ndipo malo ena amagula zogwidwa kwina n'kuzitsekera mumpanda. Mukaona malonda olonjeza kuti simubwerera chimanjamanja, dziwani kuti mwina ndi mumpanda. Palibe cholakwa kufunsa kukula kwa malowo ndiponso ngati nkhumba zimalowa ndi kutuluka mwaufulu. Pitani chifukwa mukufuna nyama ndi uzimba, osati poganiza kuti mukupulumutsa Florida.

Nyama yake imakoma? Nanga matenda?

Yaikazi kapena yaing'ono yosapitirira makilogalamu 45 imakoma, ilibe mafuta ambiri, ndipo imafuna moto wapang'onopang'ono. Chimphongo chokalamba, chija aliyense amafuna kujambulitsa nacho, chimanunkha, ndipo fungolo silitha ndi tsabola.

Matenda alipo ndithu. Nkhumba zambiri zam'tchire zili ndi brucellosis, amene amalowa mwa munthu kudzera m'magazi ndi madzi a m'thupi la nyamayo akakhudza bala, maso kapena pakamwa. Amayamba patapita sabata kapena miyezi: kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku, kuphwanya m'mfundo. Munthu wa kwathu angathamangire kuganiza malungo, choncho muuzeni dokotala kuti munasenda nkhumba. Valani magolovesi potumbula, musadye kapena kusuta muli pantchitoyo, ndipo phikani nyama mpaka mkati mwake mufike madigiri 71 a Celsius. Kuiumitsa mufiriji kapena kuifutsa pautsi sikupha tizilomboti. Galu musamupatse yaiwisi kapena matumbo: nkhumbazi zimanyamulanso pseudorabies, amene savuta munthu koma amapha galu m'masiku ochepa.

Nsomba zonse n'zodyedwa?

Barracuda yaikulu isiyeni. Iyo, pamodzi ndi amberjack ndi grouper zikuluzikulu za m'miyala, imatha kukhala ndi poizoni wa ciguatera, wosanunkha, wosaoneka, wosaphedwa ndi moto. Amayi oyembekezera ndi ana amalangizidwa kupewa king mackerel, shaki ndi swordfish chifukwa cha mercury. Mahi-mahi ndi tuna zimafuna ayezi zikangotuluka m'madzi. Zikakhala padzuwa zimayambitsa ziwengo ndi mutu kwa wodya.

Ndi ndalama ziti zomwe sizilembedwa pamalonda?

Yothokoza wothandizira kaputeni, amene amamanga mbedza, kukola nsomba ndi ngowe ndi kuzitumbula padoko: mwambo wake ndi 15 mpaka 20 pa 100 iliyonse ya mtengo wa boti, ndipo ambiri a iwo amadalira imeneyi. Mlenje nayenso amayembekezera yake. Kusenda ndi kudula nkhumba nthawi zambiri kuli ndi mtengo wapadera, nkhumba yachiwiri ili ndi wake, ya mano aatali ili ndi wakenso. Onjezani zipolopolo, ayezi ndi bokosi losungira nyama. Funsaninso kuti ndalama yachikole imabwezedwa bwanji kaputeni akalepheretsa ulendo chifukwa cha nyengo, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Ndingapite ndi nyamayi kunyumba?

Ngati kunyumba ndi mkati mwa America momwemo, inde. Iumitseni gwa, muike m'bokosi lotsekeka bwino, ipite ngati katundu wa pansi pa ndege. Ayezi wouma amaloledwa mpaka makilogalamu 2.5, kampani ya ndege itavomereza.

Kutuluka nayo m'dzikolo ndi nkhani ina. Britain salola munthu kulowa ndi nyama yochokera ku America m'chikwama, ngakhale nsomba zotumbula kale amalola mpaka makilogalamu 20. Kwathu kuno nyama yochokera kunja imafuna chilolezo cha akuluakulu a zaziweto, ndipo ulendo wa masiku awiri wosinthasintha ndege suyenerana ndi nyama yaiwisi.

Chenjezo lalikulu ndi la popita. Chigodola cha nkhumba, chomwe alimi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amachidziwa bwino, sichinalowepo ku United States, koma mu 2021 chinapezeka ku Dominican Republic ndi ku Haiti, pafupi ndi Florida. Chitalowa mwa nkhumba zam'tchire sipangakhale wochiletsa. Kachilombo kake kamakhala nthawi yaitali m'nyama yowamba, m'masoseji ngakhale m'matope a kunsapato. Musanyamule chankhumba chilichonse, nenani pabwalo la ndege ngati munafika pakhola, chapani nsapato ndi zovala, ndipo USDA imapempha kuti papite masiku 5 musanafike pamalo pomwe pali nkhumba.